Zipsera za pa Bwalo la ku Chilomoni

Chigomezgo anatseka laputopu mwaukali. Sabata yonse anakhala akuwerenga zimene akatswiri analemba zokhudza kuvulala kwa mawondo pa mpira wamanja, koma onse ankangokamba za mabwalo osalala ngati galasi. Nanga atsikana a ku Chilomoni, odumpha pamiyala opanda nsapato?

Anaimbira foni a Hawkins, omuyang'anira pa kafukufuku wake wa ku yunivesite.

"Aphunzitsi, ine ndatopa! Za mabwalo athu afumbiwa palibe analembapo. Ndingosintha mutu basi."

"Palibe ngakhale mmodzi?" Iwo anaseka. "Ndiye wapeza munda wosalimidwa, n'kumathawanso?"

Madzulo ake Chigomezgo anali atagwada m'fumbi pabwalo la ku Chilomoni, akufunsa mtsikana womwetsa zigoli mmene anapezera chipsera cha pabondo pake. Atacheuka, anapeza timu yonse itandanda kumbuyo kwake, aliyense akuloza bondo lake.