Tambala Kazitape ndi Apongozi Anga

Ndinalota dzulo masana, nditagona pamkeka, kuti boma lalemba nkhuku zonse ntchito ya ukazitape. Chilichonse chimene munthu wanena, tambala ankakachiulula polira m'mawa. Tinkayenda monyang'ama, tikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Chimanga chabwino tinkathira nkhuku, ife n'kumadya madeya. Palibe amene anaonapo munthu akumangidwa, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamva kuti zimachitika.

Kenako apongozi anga anatulukira ndi kachikwama kawo. Mlendo wotere sadyera masamba.

"Bambo a Tadala, gwirani tambala uja," ananong'ona akazi anga.

"Mayi, amenewo ndi abwana," ndinayankha.

Tambalayo anali atavala tayi, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Apongozi anangomugwira, n'kumuponda mapiko.

"Boma lanuli ndi lonona bwanji," anatero. "Tabweretsani mpeni."

Ndinadzidzimuka fungo la msuzi likadali m'mphuno. Kaya malotowa akutanthauzanji, sindikudziwa. Nditawafotokozera akazi anga anaseka mpaka kugwetsa misozi. Koma tambala wathu atadutsa pakhonde n'kupendeketsa mutu, tonse awiri tinatsitsa mawu.