Gofu M'mwezi wa Ramazani

Atatsika m'galimoto Lachisanu masana, Sufiyani Chande anamva ngati wina wamufunditsa bulangeti lonyowa. Anali atanyamuka m'mamawa ku Zomba ndi anzake atatu a kalabu ya gofu, kudzapikisana ndi akuluakulu a kampani ya nzimbe ku Dwangwa. Kunali kumapeto kwa Malichi, chaka cha 1991. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo tsopano dzuwa linkautsa nthunzi m'nthaka. Kamphepo kunalibe, masamba a nzimbe ali chiimire.

Anzakewo anayamba kudandaula asanatsitse n'komwe zikwama. Sufiyani sanadandaule nawo. Akanadandaula bwanji, poti anabadwira m'boma lomwelo la Nkhotakota, m'mudzi wina wa ku Chia? Ali mnyamata ankapalira mpunga dzuwa lili paliwombo osamva kanthu. Koma panali patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanaponde kwawo, ndipo thupi lake linali litazolowera mphepo yozizira yotsika m'phiri la Zomba.

Chimene chinamuthawitsa kwawo ankachidziwa yekha. Mu 1974 mng'ono wake Ibrahimu, mphunzitsi, anafunsa pagulu chifukwa chimene ana opanda khadi la chipani ankabwezedwera pakhomo la sukulu. Sabata isanathe kunabwera anthu n'kumutenga. Sufiyani panthawiyo anali atangokwezedwa kukhala mkulu wa makalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo ankadziwa kuti m'bale wa munthu wotengedwa amaonedwa ndi diso lina. Anasiya kulemba makalata kumudzi. Ibrahimu anatuluka m'ndende patatha zaka zisanu, miyendo itafooka, ndipo mu 1981 anamwalira. Kalata ya lamya yonena za maliro itafika, Sufiyani anaipinda n'kuiika m'kabati, Loweruka lake n'kupita kukasewera gofu ngati masiku onse.

Swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku, anali atasiya kalekale, kumzikiti ankangofikako pa Idi. Koma kufunga, kusala chakudya ndi madzi usana wonse m'mwezi wa Ramazani, sanaphonyepo, ndipo ulendowu unagwa pa sabata yoyamba ya mweziwo.

Loweruka anamupatsa kuti asewere ndi Tryson Nyirenda, woyang'anira mipope yothirira nzimbe, munthu wa ku Dwambazi, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Tryson anayang'ana malaya okhuthala a Sufiyani n'kupukusa mutu.

"A Chande, kuno sitisewera ngati kwanu kumapiri yayi," anatero. "Mpweya ngolemera, kapinga ngonyowa. Mpira ukagwa umakhala pomwepo, sugudubuka. Pomwe mumatenga ndodo ya seveni, tengani ya faifi. Muziyenda pang'onopang'ono, ndipo pa dzenje lililonse muzimwa madzi ngakhale ludzu musakulimva."

"Ndafunga," anayankha Sufiyani.

Tryson anasolola thaulo m'chikwama mwake n'kumupatsa. "Ndiye linyowetseni muziika pakhosi. Zinazo mukudziwa ndinu."

Sufiyani anathokoza, koma mumtima anati zaka makumi awiri za gofu sizingagonje kwa dzuwa la kwawo komwe. Anatenga ndodo zomwe anazolowera. Pa dzenje loyamba mpira unagwa kutali ndi mbendera n'kumira m'kapinga. Pa lachitatu malaya anali atamatirira kumsana, thukuta likulowa m'maso n'kumawawa ngati tsabola. Gulovu yachikopa inanyowa n'kuyamba kuterera. Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri anakoka ndodo ndi mphamvu zonse, ndipo inapulumuka m'manja, kuzungulira m'mwamba n'kukagwa mu ngalande. Palibe anaseka. Tryson anakaitola yekha, n'kuipukuta.

"Tipume pansi pa mtengo uwo," anatero.

"Tiyeni tizipita," anayankha Sufiyani.

Bwalolo linali la maenje asanu ndi anayi, ndipo ankayenera kulizungulira kawiri. Atayamba ulendo wachiwiri dzuwa linali pamutu. Sufiyani anazindikira kuti thukuta lasiya kutuluka, ndipo anaganiza kuti thupi layamba kuzolowera. Lilime linali gwa ngati chikopa chouma. Pa dzenje lakhumi ndi chiwiri anawerama kuti aike mpira, nzimbe za kutsidya zinapendekeka, m'maso munada bii, ndipo anagwa chafufumimba.

Anatsitsimukira pabedi la kachipatala ka kampaniyo, atamuvula malaya n'kumukuta ndi nsalu zonyowa. Namwino anamubweretsera kapu ya madzi a mchere ndi shuga, iye n'kutembenukira kukhoma. Namwino anakalipa, ananyengerera, mpaka anatopa n'kutuluka.

Tryson anali atakhala pampando pafupi ndi chitseko. "Pepani ndifunse," anatero. "Kuno kuli mayi wina, Kulusumu, akazi a Abasi woyendetsa thalakitala. Kwawo ndi ku Chia, bambo awo anali a Chande. Mukuwadziwa?"

Sufiyani anatseka maso. "Ndi mlongo wanga."

"Ndinaona nkhope. Ndawatumizira kale uthenga. Ngati ndalakwa mundikhululukire."

Kulusumu anafika cha m'ma thili koloko. Sufiyani anamusiya ali mtsikana wa mwana mmodzi kumbuyo. Amene analowa anali mayi wa imvi zosuzumira kunsi kwa mpango, woyenda mokoka mwendo. Anapereka salamu, n'kukhala pansi pa simenti, osati pampando womwe Tryson anamusiyira potuluka. Anayang'ana kapu ija nthawi yaitali.

"Achimwene, akuti mukukana madzi."

"Ndafunga, Kulusumu."

"Nanenso ndafunga. Koma ine ndili pakhomo panga. Munthu wapaulendo amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akafika kwawo. Zimenezi bambo anatiphunzitsa tonse pamkeka umodzi."

"Sindili paulendo. Kuno n'kwathu."

"Kwanu?" Kulusumu sanakweze mawu. "Dzulo mwadutsa pa mlatho wa Chia pagalimoto, simunaime. Munthu wodutsa choncho ndi wapaulendo. Imwani madziwo. Ndinaika kale mchimwene mmodzi, sindikufuna kukathamangira nsalu ya maliro ya wina chifukwa cha mpira."

Anatenga kapu n'kumugwiritsa m'manja. Sufiyani anamwa, madzi ena akutayikira pachifuwa. Atamaliza anafunsa chimene anakhala akuopa kufunsa kwa zaka khumi.

"Ibrahimu ananenapo za ine?"

"Ananena. Ankati musabwere, mungataye ntchito, ana anu angavutike. Mpaka tsiku lomaliza ankakuikirani kumbuyo." Anakonza mpango wake. "Amene sitinakuikireni kumbuyo ndi ife. Jeneza lake, chithatha cha maliro, ananyamula ndi anthu asanu ndi mmodzi okha, ena onse ankaonera patali. Tinkayang'ana kumsewu mpaka dothi lomaliza."

Sufiyani anafuna kulira, koma m'thupi munalibe madzi okwanira. Anangogona chagada, kukamwa kuli yasa, mlongo wake akumupepesera mphepo ndi chivindikiro cha katoni. Dzuwa litapendeka, Kulusumu ananyamuka kukaphika futali, chakudya chomasulira madzulo.

Lamlungu namwino anamuloleza maenje asanu ndi anayi okha, ndipo anati ayambe dzuwa lisanakwere. Sufiyani sanafunge. Anabwereka malaya opepuka ndi chipewa chachikulu kwa Tryson, gulovu anaisiya, ndipo asanamenye mpira ankapukuta manja ndi chogwirira cha ndodo. Anatenga ya faifi pomwe mtima unkafuna ya seveni. Ankayenda m'mithunzi, kumwa madzi pa dzenje lililonse, ndi kumenya mofatsa ngati nkhalamba. Mpira unayamba kugwa pafupi ndi mbendera. Sizinathandize kanthu pa mpikisano, popeza dzina lake linali litachotsedwa kale dzulo lake, ndipo a ku Zomba anagonja. Koma anamaliza ali chilili.

Anzake atakweza zikwama masana, anawauza kuti amutengere ndodo zake, iye abwera pabasi Lachinayi.

"Nanga ku ofesi tikati chiyani?" anafunsa mmodzi.

"Mukati ndapita kumanda a mng'ono wanga, Ibrahimu Chande."

Anzakewo anayang'anana. Zaka zonsezo sankadziwa kuti anali ndi mng'ono.

Lolemba iye ndi Kulusumu anakwera basi mpaka ku Chia. Manda analibe chizindikiro. Kulusumu analoza pakati pa mitengo iwiri nati ndi penapake pamenepo, ndipo Sufiyani anaima pa udzu wonyowa n'kuwerenga dua zopempherera akufa zomwe ankazikumbukira, zina akulumpha mawu. Madina, mkazi wa malemuyo, anawapeza akutuluka. Anali ndi khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo. Anangoti, "Mwafika, alamu," n'kupitirira.

Masiku awiri Madina sanamulankhulenso. Lachitatu anabwera pomwe Sufiyani anakhala pakhonde, n'kuima chapatali.

"Chimanga sindikufuna, nsalu sindikufuna," anatero. "Chiikireni m'manda, dzina la amuna anga silinatchulidwepo mumzikiti. Anthu amangoti malemu aja. Ana ake akula akuganiza kuti bambo awo anaba. Inu ndinu mkulu wake. Mukalitchule."

Masana omwewo mumzikiti, itatha swala, Sufiyani anaimirira anthu asanabalalike. Anapempha jamaa, anthu onse osonkhanawo, kuti amuchitire dua Ibrahimu mwana wa Chande, mphunzitsi, amene anamwalira zaka khumi zapitazo, ndipo anawonjezera kuti iye, mkulu wake, sanabwere kudzamuika chifukwa cha mantha. Munthu wina wa kumbuyo ananyamuka n'kutuluka mwakachetechete. Shehe anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anatukula manja, ndipo ena onse anatukula nawo.

Atabwerera ku Zomba anakhala miyezi itatu akudikira kuitanidwa ndi aboma kuti akafunsidwe. Galimoto ikaima panja pa ofesi, cholembera chinkaima m'manja mwake. Palibe anamuitana. M'nyengo yokolola mpunga, mwana wamkulu wa Ibrahimu anamulembera kalata yofunsa ngati ku Zomba kungapezeke malo a sekondale a mlongo wake, ndipo Sufiyani anayankha tsiku lomwelo kuti mtsikanayo abwere, adzakhala pakhomo pake.