Phazi la Wometa

Mayi wochapa zovala kuchipatala anafika pakhomo msana ukuphwanya, manja atatuwa ndi sopo. Sanakhale n'komwe pansi, anangotenga buku la nyimbo. Mkulu wa kwaya anali atamuuza pamaso pa anthu kuti akajombanso lero, ndime imene amaimba yekha ipita kwa wina. M'mlungu wonse wa mabulangete a odwala, ndime imeneyo yokha ndiyo inali yakeyake.

Kenako pakhoma panamveka kugogoda. Kuseri kwake kunkakhala mkulu wina wometa anthu, amene matenda a shuga anamudya chala cha kuphazi. Ana ake ankangoimba foni.

"Achemwali! Mwafa kodi?"

"Ndikanafa bwenzi ndikupuma," anayankha mayiyo.

Atalowa kwa mkuluyo, fungo linamulandira pakhomo pomwe. Bandeji inali itanyowa mpaka kumatirira kunsalu ya pabedi. Mkuluyu sanali munthu woti n'kumumvera chisoni msanga. Ndi yemweyu anakamunenera kwa mwini nyumba kuti amayanika zovala pachingwe cha eni.

"Ndili ndi kwaya, bambo."

"Pitani. Mulungu ali kumeneko. Kuno kumangonunkha."

Mayiyo anayang'ana chitseko, n'kuyang'ananso phazi. Kutupa kunali kutafika pakakolo. Anali atachapapo nsalu zambiri za anthu amene anayamba choncho, n'kutuluka m'chipatala ndi mwendo umodzi. Anaika buku pampando, nateleka madzi.

"Musaganize kuti ndimakukondani," anatero akumatula bandeji. "Abusa amati malamulo onse athera pa kukonda mnzako monga udzikondera wekha. Ineyo masiku ano sindidzikonda kwenikweni, ndiye mulandira zomwezo."

"Madziwa akuwotcha!"

"Ndiye kuti phazi likadali moyo. Khalani chete."

Foni inalira m'thumba. Anaipanira paphewa, manja ali m'beseni. Anali mlamu wake, wa m'kwaya momwemo.

"Mlamu, uli kuti? Ndime yako ampatsa mkazi wa msungichuma."

"Mawu okwera aja akuwafikira?"

"Akukwawa."

"Umuuze azikoka mpweya asanafike pamenepo."

Anadula foni. Anapukuta bala, nalimanga ndi nsalu yoyera, nakataya madzi panja.

"Mawa m'mawa tipitira limodzi kuchipatala," anatero ali pakhomo. "Mudzatsamira paphewa langali. Koma mumete ndevuzo, mukuchititsa manyazi ntchito yanu."