Mpando Umene Unalira

Ndemanga ya chimbale chathu inatuluka m'nyuzipepala Lachisanu m'mawa, ndipo ndinaiwerenga chiimirire pakhomo la situdiyo, makiyi ali m'manja. Tinali titajambula opera yakalekale, sewero loseketsa limene anthu amayankhulana moyimba. Achemwali anga anayimba gawo la wantchito wa m'nyumba amene amapusitsa bwana wake. Ine ndimasakaniza mawu pamakina, ntchito imene ndinadziphunzitsa ndekha.

Wolemba m'nyuzipepalayo anayamikira onse kupatula achemwali. Akuti pa nyimbo yawo yaikulu mpweya unawathera, ndipo "ngakhale mpando wa woliza vayolini unalira modandaula."

Mpando? Mpandowo unaliradi, koma pojambula koyamba, tsiku limene achemwali anali ndi chimfine. Tinabwereza Lachiwiri lake, iwo n'kuyimba mpaka oliza zida anaomba m'manja. Pa chimbale chili m'masitolo palibe mpando wolira. Ndiye kuti wina anam'patsira dala wolemba ndemangayu nyimbo yolakwika ija.

Pofika masana, a Ndodo, otsogolera oyimba athu, anali atauza kale achemwali kuti gawo lawo la pa chimbale chotsatira aliganiziranso. Anatero akupukuta magalasi, osawayang'ana n'komwe.

Ine wolakwa ndinali nditamupeza kale. A Mikanda, woyimba wamkulu, ali ndi mdzukulu amene gawolo amalilota. Ndinakumbukira kuti a Mikandawo analowa kawiri m'kachipinda kanga ka makina, ati kudzatchaja foni, ngati kuti masoketi a nyumba yonse anafa. Ndinawaimitsa m'khonde, anthu akumva, ndi kuwauza kuti njiru yawo yaonekera poyera. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwanawe, ine foni yangayi amanditsegulira ndi ana. Makina akowo ndingawayambe pati?"

Achemwali anandikokera pambali. Anati moto wangawu udzatiotchera nyumba, ndipo ngati ndili ndi umboni ndiubweretse, apo ayi nditseke pakamwa. Ndinawayankha kuti kompyuta siiwala, isonyeza tsiku ndi ola limene wakubayo anakopera nyimboyo.

Ndinadzitsekera m'kachipinda muja n'kuyamba kufufuza. Palibe amene anakopera kanthu. Ndinakayikira mlembi wa a Ndodo, kenako woliza vayolini uja, mwina pofuna kubisa manyazi a mpando wake. Ndiye ndinatsegula makalata otumizidwa pa imelo.

Sabata zitatu zapitazo zimbale zinachedwa kufakitale, a Ndodo n'kundiuza kuti nditumizire atolankhani nyimbozo mwachangu. Chizolowezi changa sindifufuta kanthu. Chilichonse ndimasunga mufoda imodzi, chakale pambali pa chatsopano. Kalata imene inapita kunyuzipepala ija inali yanga, ndipo nyimbo yachisanu ndi chiwiri inali ya tsiku la chimfine. Ndinaimvera mpaka pamene mpando unalira.

Achemwali anagogoda, n'kufunsa ngati wakubayo ndamugwira.

"Ndamugwira, achemwali. Ndi ine."

Anafunsa ngati a Ndodo adakali mu ofesi. Anati ndipite ndi nyimbo zonse ziwiri ndi kalatayo, ndikawalizire ndekha, ndikatero ndiimbire wa nyuzipepala uja.

Ndinanyamula kompyuta. Njira yopita ku ofesi imadutsa m'khonde muja, ndipo a Mikanda anali atakhala pabenchi, akulimbana ndi foni yawo. Kupepesa ndinayambira pa iwo.