Lamulo la Ulemu pa Maliro a Goliati

A Chabwera atabwerako ku Ulaya, kumene anakhalako mpaka kumera imvi, anapeza Matero, komboni yakwawo mu Lusaka, atasintha osawafunsa. Pabwalo pomwe ankamenyera mpira panali tchalitchi ndi bala, khoma limodzi. Posowa wowamvera madandaulo, anatsegula bulogu pa intaneti n'kumalembapo za Matero wakale.

Owerenga ankayankha m'munsi. Wosaphonya anali Nkole, Mbemba wa mumsewu wawo, mnzawo wa kusukulu.

"Iwe Chabwera, ku Ulaya kulibe mbeba? Ndiye chifukwa wabwela woyonda," analemba Nkole. Tsiku lina: "Imwe ba kum'mawa mwaphunzila liti kulemba? Tinakusiyani mukumba mauna."

A Chabwera anali atazolowera za azungu, zoti wachipongwe amamutsekera kunja. Pamwamba pa buloguyo analembapo lamulo: Muno timalemekezana, wonyoza achotsedwa. Anafufuta zonse za Nkole n'kumutsekera. Buloguyo inakhala yaulemu ngati mzere wa kuchipatala.

"Achimwene, mwabuloka mbuya wanu?" anafunsa mlongo wawo Dyness. "Mbemba akakunyozani ni chimbuya, si ndeo. Iye akati mudya mbeba, imwe mumuuza ati adya anyani. Basi, yasila."

"Intaneti ili ndi malamulo ake," anayankha a Chabwera.

M'nyengo yozizira mkulu wawo Goliati anamwalira. A Chabwera analengeza pabulogu, ndipo mauthenga anabwera ambiri, onse aulemu, ena ndi zithunzi za makandulo. Koma kandulo ya pafoni siwaza nkhuni. Pamaliro a anthu ochokera kum'mawa kwa dziko ngati a Chabwera, owaza nkhuni, oyatsa moto ndi oseketsa anamfedwa kuti chisoni chisawaphe amakhala ambuya awo, Abemba.

Abemba anabwera ndithu. Anabwera atavala masuti, Nkole ali patsogolo. Anapereka moni wa manja awiri, nati, "Pepani kwambiri, bwana," n'kukhala pamipando mutenti, manja pamaondo, kudikira tiyi. Nkhuni zinali mulu pambali pa mpanda, nkhwangwa itagona pamwamba. Palibe anaseka, palibenso analira bwinobwino. Anthu ankangotsokomola.

Dyness anakokera mchimwene wake kuseri kwa nyumba.

"Nabafunsa. Bakuti pano pali lamulo, bayopa kuchotsedwa. Manje ba Goliati bazayenda monga mulendo wofela pa sitesheni. Bamene benze kuvina pa malilo ya Babemba bonse mu Matero!"

A Chabwera anaganiza zokapepesa, koma anazindikira kuti kupepesa ndi ulemunso, ndipo ulemu unali utachuluka kale pabwalopo. Anatulutsa foni, namutsegulira Nkole, nalemba ndi chala chimodzi pansi pa chilengezo cha maliro: "Iwe Nkole wodya anyani, wakhala pampando ngati nduna. Ukuopa kuwaza nkhuni poti mitengo ndi nyumba ya ndiwo zako?"

Foni inalira m'thumba la suti. Nkole anavala magalasi, nawerenga modekha mpaka kumapeto. Anavula jekete n'kulipachika pampando. Kenaka analowa kukhitchini, natuluka ndi ufa wodzaza manja onse, nawukhuthulira pamutu pa a Chabwera, monga mbuya amachitira anamfedwa pamaliro.

"Goliati yamupaya ni njala!" anakuwa. "Mbeba zinasila mu Lusaka, uyu wa ku Ulaya anadya zonse!"

Majekete ena anatsatira. Nkhwangwa inayamba kulira. Amayi a m'nyumba anaseka, ndipo kuseka kutatha Dyness analira mokweza, koyamba chimwalirireni Goliati. Kumanda bokosi analinyamula Abemba, akudandaula njira yonse kuti munthu wodya tinyama tating'ono sayenera kulemera chotere.

A Chabwera anayenda pambuyo, mutu uli mbuu, osaupukuta.

Lamulo lija sanalifufute, poti achipongwe enieni pa intaneti sasowa. Anangowonjezera m'munsi mwake: Kupatula Abemba.