Kutola kwa ku Mzimba

Pofika pa chitunda chachitatu, Linily anali atasiya kufunsa kuti kwatsala mtunda wotani. Anatsika lole ya matabwa ku Chikangawa m'mamawa, ndipo tsopano dzuwa linali litapendeka, koma mudzi wa apongozi ake, kumene ankakavundukula chiliza, sunkaonekabe. Mlatho wa msewu wa galimoto unali utakokoloka, n'chifukwa chake anadzera m'mapiri a Viphya wapansi. Mphepo inkamuboola m'makutu, mpweya unkamuperewera, nsapato nazo zinali zitamutulutsa matuza.

Komatu chimene chinkamuwawa kwenikweni si mapazi ayi. Kutsogolo kwake, mwamuna wake Zondwayo ankayenda ndi Christobel, mayi wa kumudzi kwawo amene anadzipereka kuwalondolera njira. Awiriwa anakulira limodzi, ndiye macheza ake anali a m'Chitumbuka chokhachokha, kuseka mpaka kuombana m'manja. Linily, namwino wa ku Ntcheu amene anali atangotha zaka zitatu pa Boma la Mzimba, ankangomvako liwu limodzi apa, lina apo. Nsanje inamugwira.

"Bambo a Brave, kodi ine ndabwera ngati katundu?" anakuwa motero.

"Limbikirani, mayi a Brave, tayandikira chomene," anayankha Zondwayo osacheuka n'komwe.

Christobel ndiye anabwerera. "Alamu, ndapota, bweretsani chikwamacho. Phiri ili silidziwa kuti uyu ndi nesi."

"Manja ndili nawo," anatero Linily.

Atalowa m'nkhungu pamwamba penipeni, anamva mwamuna wake akuuza Christobel motsitsa mawu kuti, "Nizamukutola pa Chinayi."

Liwu loti kutola Linily ankalidziwa. Kwawo ku Ntcheu munthu amatola nkhuni kapena mango akugwa, koma kuno odwala achikulire anali atamuphunzitsa kuti mwamuna amatola mkazi, kutanthauza kukwatira. Ndipo mitala pabanja la a Zondwayo sinali nkhani yachilendo, bambo awo anasiya akazi atatu.

Anaponya chikwama pansi. "Ndamva! Mumayesa ndine gonthi? Lachinayi eti? Ng'ombe zake mwapereka kale, kapena mukudikira ndife kaye paphiri pano?"

Zondwayo anaima kukamwa kuli yasa, kenako anaseka mpaka kugwira mawondo. "Safunsa anadya phula, mayi inu! Kutola ndi kutenganso. Ndikuti ndidzamutenga pa njinga yamoto Lachinayi, akaone mayi ake ali m'chipatala. M'wodi yanu yomwe ija!"

Manyazi amapweteka kuposa minga. Linily anatembenuka mwaukali kuti anyamule chikwama, n'kuponda mwala woterera. Phazi linabinya, iye n'kukhala pansi osafuna. Zondwayo anathamangira kumunsi kukadula mtengo woti ayendere.

Christobel anagwada, anang'amba m'mphepete mwa chitenje chake n'kuyamba kumanga kakolo. Ankamanga bwino, ndipo zimenezo zinamukwiyitsanso Linily.

"Pepani," anatero Linily mokakamizika. "Chitumbuka changa n'choperewera."

"Yewo, alamu, palibe mlandu," anatero Christobel akukoka mfundo. "Mbwenu khutu lanu silinaname kwambiri. Ya Lachinayi ndi njinga basi. Koma kutola kwinako anandipemphadi kale, musanabwere inu. Kawiri konse, amalume ake mpaka anafika kwathu. Ine ndinakana. Ndiye mtima ukhale pansi."

Ananena mokoma mtima, ngati akupereka mankhwala. Linily anangoyang'ana nkhungu. Zaka zonsezi Zondwayo ankamuuza kuti asanakumane naye analibe maganizo a banja.

Zondwayo anabwera ndi ndodo, akupuma mwaphuma. Christobel ananyamula zikwama zonse n'kutsogola, kuwasiya awiriwo akutsika pang'onopang'ono, mkono wa Linily uli paphewa la mwamuna wake.

"Kawiri konse?" anafunsa Linily.

Zondwayo anamva phewa likulemera. "Wakuuzani? Aaa, zimenezo n'zakale, mayi a Brave."

"Sindinafunse kuti n'za liti. Akanalola, ine bwenzi ndili kuti?"

Linily anachotsa mkono wake paphewapo, anagwira ndodo ndi manja awiri, n'kuyamba kutsika yekha motsimphina.