Piyano ya Miyendo Itatu

"Chinthuchi musachilowetse m'nyumba muli khanda," anatero a Nasoni, kalipentala wa pamishoni, tsiku lomwe ngolo inafika nacho. "M'katimu mwadzaza ubweya wa nkhosa. Makoswe onse a ku Kabudula asamukira kwanu."

Anthu anangoseka. Chinali chaka cha 1956. Mzungu wa esiteti ya fodya, pobwerera kwawo, anasiyira sukulu piyano yake, chimphona cha miyendo itatu, chakuda bii, chotalika kuposa bedi. Denga la tchalitchi linkadontha, ndiye aphunzitsi Fanuel anazula felemu ya chitseko chawo n'kuiika pabalaza, pafupi ndi matumba a mtedza.

Mkazi wawo, Ezeliya, ankailambalala, mwana wake Olive ali kumsana. Alendo akabwera, a Fanuel ankawalalikira. Ati kale mafupa a piyano anali a matabwa, nsambo zikakoka n'kupindika, ndiye amisiri anasungunula chitsulo n'kuumba chimango. Anaitalikitsa mchira kuti mawu adzaze holo ya anthu chikwi.

"Nanga ife tili atatu," Ezeliya ankatero chapansipansi.

Mvula itayamba, fungo linayambanso. Loyamba la mkodzo, kenako la chinthu chakufa. Ezeliya anakolopa, anazira pansi, anasuntha matumba, koma linkamutsatira mpaka m'phala la mwana.

"Ndi guluu wa Kuulaya ameneyo, amake Olive," anatero a Fanuel. "Mphuno zanu sizinazolowere."

Lachinayi m'mawa, posambitsa mwana, Ezeliya anaona timabala tiwiri pachala chaphazi, magazi atauma. Sanadikire kuti sukulu iweruke. Anakaitana a Nasoni.

A Nasoni atatukula chivundikiro cha piyano, Ezeliya anagwira kukamwa. Pansi pa nsambo panali makoko a mtedza, zitosi, ndi chikhoswe chofufuma, mphutsi zili nyakanyaka. Pakona, m'kachipewa ka Olive komwe kanasowa mwezi watha, tiana ta khoswe tisanu ndi kamodzi topanda ubweya tinkaphiriphitha.

A Fanuel analowa choko chili m'manja. Ezeliya anawatambasulira phazi la mwana.

"Taonani ichi, bambo a Olive."

Anayang'ana pang'ono. "Mupakepo mchere." Kenako anaweramira m'piyano muja n'kuyamba kusisita tinyundo tomenya nsambo, tomwe makoswe anatimeta mpala. "Mayo, taonongeka khumi ndi tiwiri. A Nasoni, abusa akubwera Lamulungu kudzaimva. Tichita bwanji?"

"Itulutseni, aphunzitsi. Iikeni m'kalasi."

"Ana aigogode ngati ng'oma? Ayi. Tikolopamo, basi. Chofunika ndi ubweya weniweni wokutira tinyundoti."

Maso awo anazungulira nyumba, n'kuima pachingwe pomwe panayanikidwa kabulangete ka Olive, komwe Ezeliya analuka yekha ali woyembekezera.

"Kameneka ndi ka nkhosa, eti? Tingodulako m'mphepete."

A Nasoni anatola chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika.

Ezeliya anaonerera amuna ake akubudula bulangete ndi sizasi yake yosokera, akuyimba nyimbo ya Lamulungu ndi mluzu. Kenako anakalavula malovu kuseri, nasamba m'manja kawiri ngakhale sanagwire kanthu.

Dzuwa likupendeka anaanula matewera, ngakhale anali asanaume, n'kuwakulunga m'nsalu pamodzi ndi kabulangete kobudulidwa kaja. Kwa amayi ake ku Nsaru n'kutali, koma tambala woyamba akalira adzakhala atawoloka dambo. Mtolowo anaubisa kukhitchini, pamwamba pa nkhuni, ndipo Olive sanamutsitsenso kumsana.